Ndinawotcha Sitima ya a Tembo

Zikomo atsogoleri pondipatsa mpata. Abale anga, ndisanayambe, ndikuona ena kumbuyoko mwazolika. Dzutsani nkhope, ine si wapolisi. Benchi mwakhalapoyo ndinakhalapo inenso, mutu ukugunda, m'kamwa mukununkha za dzulo, ndikupempherera kuti wolankhulayo amalize msanga ndikachotse matsire. Ndiye zimene mukuganizazo ndikuzidziwa.

Dzina langa ndine Gedion. Ambiri mumandidziwa ngati wokhoma zidebe pano pa Kamwendo, uja amakusokoserani ndi nyundo kuseri kwa msika. Ndowa, mbaula, makheni othirira kudimba, zonsezo ndi ine. Koma pali ntchito ina imene ndimagwira, yomwe ndikaitchula anthu amayamba aseka kaye. Ndimakonza sitima. Sekani ndithu, palibe mlandu. Sindikunena zikuluzikulu zoyenda pa njanji yopita ku Chipata ija ayi, koma ting'onoting'ono, totalika ngati mkono wangawu, toyendera moto ndi nthunzi ngati sitima zakale.

Amene anandiphunzitsa ndi a Tembo, bambo wachikulire wa kwa Zulu uku. Iwowa anagwira ntchito yokonza mainjini a sitima ku Zambia zaka zambirimbiri. Atapuma n'kubwerera kumudzi, anzawo ankagula ng'ombe, iwo anayala njanji kuseri kwa nyumba. Kanjanji kake n'kotalikirana zala zitatu. Kamazungulira mitengo iwiri ya mango, kuwoloka kamlatho pangalande, kukhota pa khola la nkhunda n'kubwerera pakhonde. Injini yake anasula okha ndi mkuwa, n'kuipaka penti yobiriwira, n'kuitcha Esinati, dzina la malemu akazi awo.

Tinadziwana tsiku limene anabwera pa shedi yanga ndi kachidutswa ka lata, akufuna ndiwapindire kadenga. Nditaona kuchepa kwake ndinawafunsa ngati m'nyumbamo muzigona mbewa. Sanakwiye. Anangoti, "Pinda chabe, ukamaliza ubwere udzaone mbewazo." Ndinapitadi Lamulungu lotsatira. Abale, nditaona kanthu kaja kakutulutsa nthunzi, kakukoka mabogi anayi pansi pa mango, ine bambo wa ana atatu ndinagwada m'fumbi n'kumakatsatira ndi mawondo.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkapalasa njinga kupita kwa a Tembo. Anandiphunzitsa kupala mawilo ndi tupa, kusintha timatabwa ta pansi pa njanji chiswe chikatidya, kuwotcherera mkuwa, ndi kupanga mabogi ndi pulayiwudi ndi zitini za mafuta ophikira. Kenaka matenda a shuga anayamba kuwadya maso. Pang'ono ndi pang'ono mpaka anasiyiratu kuona, ndipo ine ndinasanduka maso awo ndi manja awo. Iwo ankangokhala pampando pakhonde n'kumamvetsera. Khutu lawo linali loopsa. Amatha kukuuza kuti wilo lakumbuyo la bogi yachitatu likufuna mafuta, ukakayang'ana n'kupeza ndi zoona.

Kuti mumvetse zimene ndinachita, ndikuuzeni mmene timayatsira injini yotere. Ili ndi kathanki kamkuwa kotchedwa boyila. Mmenemo timathiramo madzi ndi sirinji, madzi amvula okhaokha, chifukwa apamjigo amasiya zoyera m'kati. Pansi pake pali kambaula ka zingwe zitatu, koyaka ndi sipiriti, yemwe uja wapepo ometa tsitsi amatipaka m'mutu. Madzi akawira, nthunzi imakankha mapisitoni, sitima n'kunyamuka. Koma ukayatsa moto m'boyila mulibe madzi, mtovu wogwira zitsulo zonse umasungunuka, ntchito ya zaka n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake a Tembo anali ndi funso limodzi limene sankaliphonya ndisanakhwetche machesi: "Gedion, madzi wathira?"

Za mowa sindichedwapo, poti njira yake nonse mukuidziwa. Zinayamba ndi madalaivala a mathiraki a ku boda. Ndikawamatira thanki yodontha amati tiyeni tikatsitse fumbi kukhosi. Poyamba linali Loweruka lokha. Kenaka Lachisanu linalowapo, kenaka masiku onse anangofanana. Mowa wa m'botolo utandikulira ndinatsikira ku kachasu, ndipo kachasu anandipeza ndi m'mawa womwe, tiyi ndisanamwe. Manja anayamba kunjenjemera. Ndowa zanga zinayamba kubwezedwa. Tsiku lina akazi anga, mayi a Tadala, anandiikira ndowa pamapazi n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, iyi mwapangira nyumba yanu yomwe, ndipo ikudontha. Nanga za eni ake zili bwanji?" Ine m'malo mochita manyazi ndinawakalipira kuti sadziwa kutunga madzi.

Kwa a Tembo ndinkapitabe, nditatafuna masamba a gwafa kuti fungo lisamveke. Mumtima ndinkati munthu wosaona angadziwe chiyani. Uchitsiru wa chidakwa ndi umenewo, chimaganiza kuti anthu onse anasiya mphuno kunyumba.

Tsono chaka chilichonse, tsiku limene mayi Esinati anamwalira, a Tembo ankayendetsa sitima ija. Sankaitana anthu kapena kuphikitsa zakudya. Ankangovala jekete, kukhala pakhonde ndi mwana wawo wamkazi Joyisi, amene amawasamala, n'kumvetsera injini ikuzungulira katatu. Chimenecho ndicho chinali chikumbutso chawo, ndipo chiwathereni maso chinkadalira ine.

Chaka chimenecho ndinafika masana dzuwa lili pamutu, nditayamba kale kumwa mbandakucha. Ndinaika Esinati panjanji. Sipiriti ndinathira bwinobwino, zamadzimadzi zonunkha sindinkaziiwala. Ndinatulutsa machesi.

"Gedion, madzi wathira?"

"Ndathira, bambo."

Ndinayankha pakamwa pokha, mmene timayankhira moni. Ndinayatsa. Nditacheuka ndinaona sirinji ili pakhonde, youma gwa, pamene Joyisi anaiika. Apa mvetserani bwino, abale, chifukwa tchimo langa lili pamenepa. Kuiwala madzi si nkhani, aliyense amaiwala. Ndikanangouzira motowo n'kunena kuti pepani bambo ndalakwitsa, palibe chikanaonongeka. Koma kutero kunali kuvomera kuti ndanama, ndipo kuvomera bodzalo kunali kuvomera kuti ndaledzera. Ndinadziuza kuti mwina mwatsala timadzi ta ulendo watha, chonsecho ndine ndemwe amene ndinakhuthula boyilayo ulendo umenewo. Ndinangokhala chete n'kumayang'ana.

A Tembo anapendeketsa mutu kudikira kaphokoso ka madzi akayamba kutentha. Kunali zii. Kenaka ndinaona mphuno zawo zikugwedera. Penti inali itayamba kupsa.

"Zimitsa! Gedion, zimitsa!"

Moto wa sipiriti suoneka padzuwa, ndipo ine ndinauzira mbali yolakwika. Pamene Joyisi amaponya chiguduli chonyowa n'kuti mtovu ukudontha panjanji. Chumuni inapendama, kawezulo kanagwera m'fumbi, penti yobiriwira ija inasanduka makala. A Tembo anati awapatse injiniyo. Joyisi anaikulunga m'chitenje n'kuwaikira pamiyendo, iwo n'kumaisisita ndi zala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ikutenthabe. Sanatukwane, sanandifunse kanthu. Ine ndinabwerera chammbuyo mpaka pa njinga yanga. Ndipo poti ndabwera kudzanena zonse, ndinene ndi ichi chomwe: pochoka ndinatola botolo la sipiriti lija n'kuliika m'thumba la jekete.

Kunyumba sindinapite. Ndinathawira ku boda, kumene ndinakhala masabata atatu ndikugona pansi pa mathiraki, kunyamulira anthu katundu kuti andigulire kapu imodzi. Njinga inapita, nsapato zinapita. M'mawa wina panalibe wondigulira, thupi lonse likugwedezeka, ndipo dzanja linakhudza botolo lija m'thumba. Ndinasakaniza ndi madzi n'kumwa. Ngati alipo pano amene anaganizapo zoyesa zimenezi, ndikukupemphani m'dzina la Mulungu, musayerekeze. Uja si mowa, ndi poizoni.

Ndinatsitsimukira kuchipatala ku boma. Akuti dalaivala wina, yemwe mpaka lero sindimudziwa, ndiye anandinyamula. Nditatsegula maso ndinangoona chifunga choyera. Mawu a mayi a Tadala ndinkawamva pambali pa bedi, koma nkhope yawo ayi. Adokotala anati moyo wapulumuka, koma za maso tidikire, mwina abwerera mwina ayi. Abale, ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Tsiku lachinayi, nthawi yoona odwala ya masana, ndinamva ndodo ikugogoda pansi, ikubwera pang'onopang'ono pakati pa mabedi. Kenaka mawu a Joyisi: "Ndi pano, adadi, khalani apa." Ndinafunda bulangete kumutu ngati mwana.

"Joyisi akuti wadzifunditsa," anatero a Tembo. "Ukubisalira ndani? Ine sindiona."

Ndinachotsa bulangete. Anapapasa mpaka anapeza dzanja langa, n'kuikamo chinthu chozizira, cholemera. Zala zanga zinachizindikira msanga. Inali boyila ya Esinati, ataichotsa pa mawilo ake, yokhakhala ndi penti yopserera.

"Manje tili awiri osaona," anatero. "Kukukoma?"

"Ayi, bambo."

"Ine maso anga anapita okha. Ndinawalirira, ndinamwa mankhwala onse, anapitabe. Iwe ako ukuchita kuwathamangitsa. Ukawapeza otsala undigawireko, poti iwe ulibe nawo ntchito."

Ndinalira, abale, osati kulira kwa mowa kuja timalira pa shabini. Ndinati, "Bambo, ndinaiwala madzi. Ndikhululukireni."

Kenaka anati, "Kuiwala ndinakukhululukira tsiku lomwelo. Inenso ndinawotchapo boyila ndili mnyamata. Koma ine ndinakufunsa, Gedion. Fungo lako ndinalimva chaka chonse, gwafa kapena ayi, ndipo ndinkati adzandiuza yekha. Munthu wopanda maso amakhala ndi mawu a anzake chabe. Ukandiuza kuti kutsogoloku kulibe dzenje, ine ndimaponda. Unandiuza kuti wathira."

Mawu amenewo anandilasa kuposa zonse. Ndinawauza zonse, za sirinji youma, kuti ndinaiona moto utangoyaka, kuti ndinali ndi mpata wozimitsa koma ndinasankha kukhala chete, za botolo ndinaba lija. Aka kanali koyamba m'zaka zambiri kunena zoona mpaka kumapeto osasiyako kena. Mayi a Tadala anali pomwepo, anamva zonse.

A Tembo anaimirira n'kunena kuti, "Boyilayo isunge. M'boma lonse lino palibe wina angaikonze. Maso akabwerera, tsiku la mayi ako Esinati likubweranso chaka chamawa, ndipo ine sindikudziwa kuti ndatsala ndi angati. Ndikufuna ndidzaimve." Anatuluka ndodo ikugogoda, ine boyila ili pachifuwa.

Maso anabwerera patapita masabata awiri. Lakumanjali limaona bwino, lakumanzereli mpaka lero muli kachifunga, ndipo sindidandaula, n'chikumbutso changa.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, poti kulira kokha sikusiyitsa mowa. Sabata yoyamba kunyumba inali yowawa, thukuta, kusanza, kunjenjemera, ndipo ndinabwerera kuchipatala kawiri kuti andithandize. Musachite manyazi kutero, thupi lozolowera mowa likausowa mwadzidzidzi limatha kukugwetsani. Ndinasintha njira yopita ku shedi. Yachidule imadutsa pakhomo pamene ndinkamwera, ndiye ndimazungulira cha kuchigayo, ngakhale kukugwa mvula. Madalaivala akati tikatsitse fumbi, ndimawauza poyera kuti ine ndine chidakwa chosiya, mundigulire chinangwa chootcha. Amaseka, koma amagula.

Vuto lalikulu linali lakuti ntchito ya sitima imafuna sipiriti, ndipo fungo lake lokha linkandidzutsira njala ija. Tinagwirizana kuti botolo lizikhala ndi Joyisi, lokiyidwa m'kabati. Iye ndiye amathira m'kambaula, ine sindiligwira. Mpaka lero zili choncho, ndipo sindikufuna zisinthe.

A Tembo nawo sanandilole kukhudza boyila msanga. Lamulungu lililonse ndikafika amandipatsa kanati kakang'ono ngati njere ya mapira kuti ndikamange pa bawuti yake, iwo atagwira mkono wanga kuti amve ngati ukunjenjemera. Kakagwa pansi amati, "Lero mabogi." Ndinakhala miyezi inayi pa mabogi. Ndinasintha madenga onse, ndinaika timipando m'kati, mawindo ndinadula ku mabotolo apulasitiki, mpaka bogi yachisanu ndinapanga, yonyamula katundu, imene a Tembo amati ndi ya fodya wopita ku okushoni. Ndinakonza njanji pamene nkhuku zinafukula. Manja akakhala ndi chochita, mutu umapuma.

Ndisakunamizeni kuti ndinayenda mowongoka. Mwezi wachitatu, pa maliro a msuweni wanga kwa Dambe, ndinamwa kapu imodzi kuseri kwa nkhokwe. Lamulungu lake ndisanakhale n'komwe pansi ndinati, "Bambo, Lachinayi ndinamwa." Anati, "Chabwino wanena. Tenga nati." Kanagwa. Tinayambiranso.

Tsiku limene kanati kanalowa Malamulungu atatu otsatizana, anandiuza kuti ndibweretse boyila. Ndinaipala yonse mpaka mkuwa unawala, ndinachotsa mtovu wakale, n'kuwotchereranso mfundo iliyonse ndi mtovu wolimba. Tinaiyesa poidzaza madzi n'kuipopa, a Tembo akuyendetsa chala pa mfundo zonse kufuna chinyezi. Kawiri konse anapeza podontha pamene diso langa silinaone. Kachitatu chala chinabwera chouma. Penti yobiriwira tinachita kuitanitsa ku Chipata kudzera mwa mayi wina wa geni, ndipo dzina la Esinati ndinalilemba ndi nthenga ya nkhunda.

Mwezi womaliza tsiku la mayi Esinati lisanafike, a Tembo anadwala kwambiri, mwendo unatupa, anagonekedwa masiku angapo. Ine tulo tinkandivuta poganiza kuti mwina ndachedwa, kuti apita ndi fungo la penti yopserera lija ngati chomaliza chimene anamva kwa akazi awo. Mulungu anawasunga. Anatuluka kutatsala masiku asanu.

Tsikulo linafika. Anawanyamulira pakhonde atavala jekete yawo ija. Mayi a Tadala anabwera nane, atatchena ngati ku ukwati. Ndinali ndi miyezi isanu ndi itatu osalawa dontho. Ndinapukuta njanji yonse, ndinalumikiza mabogi asanu, ndinathira mafuta m'mawilo limodzi ndi limodzi. Joyisi anathira sipiriti n'kubweza botolo m'nyumba. Ndinagwada, machesi ali m'manja.

"Gedion, madzi wathira?"

Pakamwa panga panatseguka kale kuti ndinene kuti ndathira. Koma maso anapita pakhonde, ndipo sirinji inali pomwe paja, youma. Abale, ndili bwinobwino, wosamwa, ndi mantha ndi chisangalalo ndinali nditaiwalanso madzi! Akazi anga akundiyang'ana, Joyisi akundiyang'ana, chaka chathunthu cha ntchito chili panjanji.

Ndinaika machesi pansi. Ndinati, "Ayi, bambo. Sindinathire."

A Tembo anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka misozi inatuluka m'maso osaona aja. Atapuma anati, "Manje ndiye wachira. Thira, mwana wanga."

Ndinathira madzi amvula, n'kutenga chala chawo kuchikhudzitsa pakamwa pa boyila kuti amve okha kunyowa. Ndinayatsa. Tinadikira, ndipo kaphokoso kaja kanayamba, kenaka nthunzi inatuluka pa chumuni. Nditatsegula, Esinati ananyamuka pang'onopang'ono, mabogi asanu akutsatira, kulowa pansi pa mango, kuwoloka kamlatho, nkhunda zikuuluka. A Tembo anavula chipewa. Mutu wawo unkatsatira phokosolo mbali ndi mbali mpaka sitima inazungulira katatu. Ine mtima unakhala pansi koyamba chichokere tsiku lija, ndipo mpumulo umenewo sindingaufanizire ndi kanthu. Kenaka anati, "Wilo lakumbuyo la bogi yatsopanoyi likufuna mafuta." Ndinakayang'ana, zinali zoona.

A Tembo alipo mpaka lero, ndipo Lamulungu likubwerali ndikupita. Amene akufuna kudzaona mbewa zogona m'mabogi, tipitire limodzi, koma mubwere osamwa.

Ndiye abale anga, sindikukulonjezani kuti mukasiya mowa simudzalakwitsanso. Ine ndinaiwala madzi ndili woledzera, ndinawaiwalanso ndili bwinobwino. Chinasintha ndi yankho langa. Aliyense wa inu kunyumba kuli munthu amene amakufunsani funso lake, mwina akazi anu, mwina mayi anu, mwina mwana amene anasiya kukuyang'anani m'maso. Lero mukabwerera akufunsani kuti, "Mwamwa?" Machesi akadali m'manja mwanu, moto simunayatse. Muwayankhe zoona.